Luso losamutsa kalata osaitaya

Munthu akagwira kalata ya imelo pa kompyuta, kuikokera kumbali n'kuisiya mu foda ya malisiti, ntchito yonse imatha asanaphethire. Kalata yachoka apa, yaonekera apo, ndipo palibe amene amaima kuti ayamikire. Komatu pa ntchito zonse za pulogalamu ya imelo, iyi ndi imene ndimaigomera kwambiri. Pulogalamu ikalephera kuonetsa chithunzi kapena kupeza mawu amene mukufufuza, mumangoyesanso. Ikalakwitsa posamutsa, kalata imatha kusoweratu, ndipo mwini wake amadzazindikira miyezi itapita, tsiku limene akuifuna kuti ikhale umboni.

Chimene chimalimbitsa ntchitoyi n'chakuti zimene timaziona ngati mafoda ofanana pa sikirini n'zosiyana kwambiri kunsi kwake. Kwina foda ndi fayilo imodzi yaitali momwe makalata onse alumikizidwa mondondozana. Kwina kalata iliyonse ili ndi fayilo yakeyake. Kwina foda ili pa seva kutsidya kwa nyanja, ndipo pulogalamu imangotumako mawu. Ku Gmail foda kulibe n'komwe, kuli zizindikiro zomata pa kalata. Pulogalamu ngati Thunderbird kapena Mutt imayenera kudziwa khalidwe la mosungira monsemu, n'kumatulutsa kalata muno kukailowetsa umo popanda mwini wake kumva kuti yadumpha malire. Pa zonsezi akatswiri ake agwira mwambo umodzi umene sausiya: yamba walemba kumene kalata ikupita, tsimikiza kuti yakhazikika, ndipo pokhapo fufuta kumene yachokera.

Kasungidwe kakale kwambiri kamene kakugwirabe ntchito ndi mbox, kamene kanayamba ndi Unix m'zaka za m'ma 1970. Foda yonse ndi fayilo imodzi. Kalata yatsopano ikabwera imalembedwa kumapeto, ndipo chosonyeza poyambira pake ndi mzere woyamba ndi mawu akuti From, otsatiridwa ndi mpata, adiresi ya wotumiza ndi tsiku. N'kapangidwe kosavuta, koma kali ndi msampha. Munthu wolemba Chingelezi angayambe mzere wa m'kati mwa kalata yake ndi mawu omwewo, ndipo pulogalamu yosachenjera idzadula kalatayo pawiri, kuyesa kuti yatsopano yayamba. Njira yoyamba yopewera izi inali kuika chizindikiro cha > kutsogolo kwa mzere wotere. Kalata inkapulumuka, koma powerenga panalibe njira yodziwira ngati chizindikirocho chinaikidwa ndi pulogalamu kapena ndi wolemba. Mu 1995 Rahul Dhesi anakonza zimenezi ndi kaganizo kakang'ono kokoma: mzere uliwonse wotere, ngakhale uli kale ndi zizindikiro zingapo kutsogolo, uwonjezeredwe chimodzi polemba, ndipo uchotsedwe chimodzi powerenga. Kalata imatuluka ndendende mmene inalowera. Kasungidwe kameneka kamatchedwa mboxrd.

Kulowetsa kalata mu mbox n'kopepuka poyerekeza ndi kuitulutsamo. Kalata ili pakati pa fayilo, ndipo kuichotsa kumafuna kuti zonse za pambuyo pake zisunthe kudzatseka mpata. Ngati fayiloyo ili ndi makalata a zaka khumi, ndiye kuti kusamutsa kalata imodzi n'kulembanso zaka khumi. Apa Thunderbird amachita mwanzeru. Akakopera kalata ku foda yatsopano, yakaleyo saichotsa. Amangosintha manambala ochepa pa mzere wa X-Mozilla-Status umene uli pamutu pake, kusonyeza kuti yachotsedwa, n'kuibisa kwa wowerenga. Mzere umenewu uli ndi utali wosasintha, choncho amaulemba pomwepo osasuntha chilembo china chilichonse m'fayilomo. Ntchito yolemetsa ija amaisungira nthawi ina, pamene amapanikiza foda: amalemba fayilo yatsopano yokhala ndi makalata otsala okha, ndipo ikatha bwino m'pamene imalowa m'malo mwa yakale. N'chifukwa chake foda imene mwaichotsamo makalata ambiri siichepa msanga pa disiki. Ena amaona ngati ulesi, koma ndi kusamala: ntchito yoopsa yaikidwa payokha, ichitike kamodzi, yakale ikadalipo.

Mutt, amene Michael Elkins anayamba kulemba mu 1995, amatsata mzimu womwewo poyera. Mukamuuza kuti asunge kalata ku foda ina, amaikopera kumeneko n'kuika chilembo D pambali pa yakale, ikuonekabe pa mndandanda. Mukhoza kusintha maganizo. Yakaleyo imachoka pokhapo mwalamula kuti foda ilembedwenso kapena mukutulukamo.

Palinso nkhani ya kuphangirana. Fayilo imodzi ikufunidwa ndi mapulogalamu awiri nthawi imodzi: ina ikubweretsa kalata yatsopano, ina ikulembanso foda. Zikalembera pamodzi, makalata amasakanikirana. Pamafunika loko, koma maloko a Unix analipo amitundu ingapo, monga fcntl, flock ndi kafayilo kothera ndi .lock, ndipo mapulogalamu akagwiritsa ntchito maloko osiyana zimakhala ngati palibe amene watseka. Mafayilo akakhala pa kompyuta ina yofikiridwa kudzera pa NFS, malokowo ankakhala osadalirika kwenikweni.

Njira ina inalipo kale. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ku RAND Corporation, Bruce Borden analemba MH, mmene kalata iliyonse ndi fayilo yokhala ndi nambala, ndipo kusamutsa ndi kalamulo kamodzi kotchedwa refile. Koma amene anafikitsa ganizoli pachimake ndi Daniel J. Bernstein, amene pakati pa zaka za m'ma 1990 anapanga Maildir pamodzi ndi pulogalamu yake ya qmail. Ndikamayang'ana Maildir ndimaona ntchito ya munthu amene anakhala pansi n'kudzifunsa kuti: magetsi atazima pa sitepe iyi, chidzatsale n'chiyani? Nanga pa iyi?

Foda ya Maildir ili ndi zipinda zitatu: tmp, new ndi cur. Wobweretsa kalata amayamba waipatsa dzina limene palibe ina ingakhale nalo, lopangidwa kuchokera ku nthawi, nambala ya pulogalamu imene ikulembayo ndi dzina la kompyuta. Amailemba mu tmp, mmene wowerenga sayang'anamo. Akamaliza amauza kompyuta kuti zonse zimene ikusunga m'chikumbumtima chake izitsitsire pa disiki penipeni, n'kudikira yankho. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo, ndipo kalata imene sinafike pa disiki ikadali pachala. Yankho likabwera m'pamene kalata imalowetsedwa mu new, ndipo kulowako kumachitika mwa kamodzi: palibe mphindi imene wowerenga angaone theka la kalata. Magetsi akazima pakati, chotsala ndi chidutswa mu tmp chimene sichisokoneza aliyense, ndipo Bernstein ananeneratu kuti chikakhala maola 36 osakhudzidwa chikhoza kusesedwa. Loko safunika paliponse.

Wowerenga akaiona kalata, imapita mu cur, ndipo kumapeto kwa dzina lake kumawonjezeredwa :2, ndi zilembo zonena mbiri yake. S ndiye kuti yawerengedwa, R yayankhidwa, F yaikidwa chizindikiro, T yatayidwa, D sinamalizidwe kulembedwa, P yatumizidwa kwa wina. M'kati mwa kalata simukhudzidwanso mpaka kalekale. Kuisamutsira ku foda ina n'kungosintha dzina la fayilo, ntchito imene Unix amaichita yonse kapena osaichita n'komwe. Ngakhale apa mmisiri wabwino sagona. Foda yatsopano ikakhala pa disiki ina, kusintha dzina kumakanidwa, ndipo pulogalamu imabwerera ku mwambo uja: lemba mu tmp ya kumeneko, tsitsira pa disiki, lowetsa, fufuta yakale. Palinso mapulogalamu ngati mbsync amene amalemba nambala ya kalata ya pa seva m'dzina la fayilo. Nambala imeneyo ili ndi tanthauzo mu foda yake yokha, choncho wosamutsa wodziwa ntchito amaichotsa kaye, kuopa kuti ikagundana ndi ya kalata ina kumene ikupita.

Zonsezi zimachitika pa kompyuta imodzi. Ntchito imakula kalata ikakhala pa seva, pulogalamu ili pa foni m'thumba, pakati pawo pali netiweki imene ingaduke nthawi iliyonse. Chilankhulo chimene awiriwa amamvana nacho ndi IMAP, chimene Mark Crispin anapanga ku Stanford mu 1986 n'kupitiriza kuchikulitsa ku University of Washington. Crispin yemweyo analemba c-client, gwero la mapulogalamu limene pulogalamu ya imelo ya Pine inkadalira. Mmenemo kasungidwe kalikonse kali ndi woyendetsa wake, ndipo onse amamva malamulo amodzimodzi: tsegula, kopera, ika chizindikiro, sesa. Pulogalamu ya pamwamba imangolamula, osafunsa ngati kunsiko kuli mbox, MH kapena seva yakutali. Ganizo lomweli ndi limene limalola kuti mafoda a mitundu yosiyana aziima mu mzere umodzi pa sikirini ngati pachibale.

Funso loyamba la IMAP ndi lakuti: tikunena kalata iti? Kuwerenga malo pa mndandanda n'koopsa, chifukwa kalata yachisanu ikachotsedwa, yachisanu ndi chimodzi imasanduka yachisanu. Choncho kalata iliyonse imapatsidwa nambala yokhazikika yotchedwa UID, imene imangokwera ndipo siibwerezedwa mu foda imeneyo. Koma bwanji seva itataya kaundula wake n'kuyambiranso kuwerenga? Pa chifukwa chimenechi foda iliyonse ili ndi nambala yachiwiri, UIDVALIDITY. Ikasintha, pulogalamu imadziwa kuti manambala onse amene inasunga atha ntchito, ndipo imawataya n'kufunsanso. Taganizirani munthu amene anasanja makalata makumi asanu ali m'basi mopanda netiweki. Pulogalamu yasunga mndandanda wa zoti ikachite ikalumikizana. Isanatume lamulo ngakhale limodzi, imayang'ana kaye nambala yachiwiri ija. Popanda kutero ikhoza kusamutsa ndi kufufuta makalata a eni ake osalakwa.

Chodabwitsa n'chakuti kwa zaka zoposa 25 IMAP inalibe lamulo losamutsa. Pulogalamu inkachita masitepe atatu: COPY kukopera ku foda yatsopano, STORE kuika chizindikiro cha \Deleted pa yakale, ndi EXPUNGE kusesa. Malamulo a IMAP amanena kuti COPY ikalephera, seva ibwezeretse foda yolandira mmene inalili, choncho yankho lakuti zatheka ndi lodalirika. Netiweki ikaduka pambuyo pa sitepe yoyamba, kalata imapezeka kuwiri. N'zosasangalatsa, koma palibe chatayika. Msampha weniweni unali pa sitepe yachitatu, chifukwa EXPUNGE imasesa kalata iliyonse yokhala ndi chizindikiro chija, kuphatikizapo imene munaiika chizindikiro dzulo pa kompyuta ina mukuganizabe. Mapulogalamu osamala ankazungulira njira yaitali: kuchotsa kaye zizindikiro pa makalata ena onsewo, kusesa imodzi yofunikayo, kenako kubwezeretsa zizindikirozo. Zowonjezera zotchedwa UIDPLUS, zimene zinatuluka mu 1998 n'kukonzedwanso mu chikalata cha malamulo cha RFC 4315 mu 2005, zinabweretsa UID EXPUNGE yosesa makalata otchulidwa okha. Zinabweretsanso COPYUID, mmene seva imanena kuti kalata imene inali nambala yakuti kuno tsopano ndi nambala yakuti uko. Pulogalamu ikamva zimenezi sifunikanso kutsitsa kalata imene ili nayo kale, imangosintha kaundula wake. Kwa munthu wogula bandulo ya intaneti ndi ndalama zake, kameneka si kanthu kakang'ono.

Lamulo la MOVE linadza mu Januwale 2013 mu RFC 6851, yolembedwa ndi Arnt Gulbrandsen ndi Ned Freed, patangopita masabata ochepa Crispin atamwalira. Chikalatachi n'chachifupi, koma muli mfundo imene ndimaiona ngati mtima wa luso lonseli. Chimati zinthu zikalakwika pakati, seva isasiye kalata ili kopanda foda iliyonse, ndipo apa chimagwiritsa ntchito mawu oletseratu. Za kuisiya ili m'mafoda onse awiri chimati zipewedwe, koma ndi mawu ofewerapo. Olembawo anayeza zolakwa ziwirizi n'kuona kuti sizilemera mofanana. Kalata yopezeka kawiri munthu amaiona n'kufufuta imodzi. Kalata yosowa siitana aliyense. Chimalangizanso kuti seva itchule nambala yatsopano ya kalata isanalengeze kuti yakale yachoka, kuti pulogalamu isaiwale kalata isanamve kumene yapita. Mu 2021, pamene IMAP4rev2 inatuluka mu RFC 9051, MOVE inalowa m'malamulo oyambira.

Mayeso aakulu amabwera kalata ikamadumpha kuchoka ku kasungidwe kena kupita ku kena, monga kuchoka mu mbox ya pa kompyuta kukwera ku seva ya IMAP. Apa palibe lamulo limodzi lothandiza, pulogalamu imanyamula yokha katundu yense. Imachotsa mzere wa From uja, chifukwa suli mbali ya kalata. Imachotsa zizindikiro za > zimene zinawonjezeredwa. Imasintha mathero a mizere, popeza Unix amatseka mzere ndi chizindikiro chimodzi pamene IMAP imafuna ziwiri. Mbiri ya kalata, yoti inawerengedwa kapena kuyankhidwa, imene mu mbox inali m'mizere ya pamutu ndipo mu Maildir inali m'dzina la fayilo, imasanduka \Seen ndi \Answered. Ndiye pali tsiku limene kalata inafika, losiyana ndi tsiku limene wotumiza analemba. Lamulo la APPEND lili ndi malo oikapo tsikuli, koma silikakamiza. Pulogalamu ikapanda kulitchula, seva imaika la lero, ndipo makalata a zaka zambiri amaoneka ngati onse afika m'mawa uno. Palibe kalata yatayika, koma dongosolo la mbiri ya munthu lasokonekera. Mmisiri amene amakumbukira tsikuli amadziwa kuti chosamutsidwa ndi kalata pamodzi ndi zonse zimene mwini wake amaidziwira.

Ngakhale mayina a mafoda amafuna womasulira. Seva ina imalekanitsa foda ndi mwana wake ndi /, ina ndi kadontho, monga zimakhalira mu Maildir++ ya Sam Varshavchik, ndipo pulogalamu imafunsa kaye seva isanapange dzina. Foda ya makalata otumizidwa inkatchedwa mosiyanasiyana ndi mapulogalamu osiyana, mpaka munthu mmodzi kukhala nazo zitatu. RFC 6154 ya mu 2011 inalola seva kunena kuti iyi ndiyo ya zotumizidwa, iyi ya zinyalala, dzina lake likhale lililonse, m'chilankhulo chilichonse.

Gmail itabwera mu 2004 inasiya mafoda. Kalata ndi imodzi, ndipo imamatidwa zizindikiro zingapo nthawi imodzi. Pamene inatsegula khomo la IMAP mu 2007, zizindikirozo zinavala ngati mafoda. Kukopera kalata ku foda n'kuimata chizindikiro china, kuisesa mu foda n'kumatula chizindikirocho, ndipo kalatayo imakhalabe mu foda ya makalata onse yotchedwa All Mail. Pulogalamu yosadziwa zimenezi imatsitsa kalata imodzi katatu. Yodziwa imafunsa X-GM-MSGID, nambala imene sisintha kulikonse kumene kalata ikuonekera. JMAP, njira ina yolankhulirana pulogalamu ndi seva imene akatswiri a ku Fastmail anatsogolera n'kutuluka mu 2019 mu RFC 8620 ndi 8621, inatenga phunziroli n'kuliika pamaziko: kalata ili ndi nambala imodzi moyo wake wonse, ndipo mafoda amene ili ndi kamndandanda chabe. Kusamutsa n'kusintha kamndandandako, kalata osasuntha. Seva ya Dovecot, ya Timo Sirainen, imachita zofanana kunsi ikamasunga mu kasungidwe kake ka mdbox: kukopera n'kulemba mu kaundula kuti foda inanso ikuloza kalata yomweyo.

Mtima womwewu umaonekanso pamene makina akusanja okha. Sieve, chilankhulo cholembera malamulo osanjira makalata pa seva chimene chinakhazikitsidwa mu 2001, chinapangidwa dala kukhala chochepa mphamvu. M'maziko ake mulibe njira yozungulira mosalekeza kapena yoyendetsera mapulogalamu ena. Lamulo lake la fileinto limaika kalata mu foda yotchulidwa. Ngati palibe lamulo limene lakhudza kalatayo, kapena malamulowo alakwika pakati, kalata imagwera mu bokosi lolandirira. Wolemba malamulo akhoza kuphonya, koma kuphonya kwake sikumeza kalata.

Kuyambira pa mbox mpaka pa JMAP papita zaka zoposa 40, ndipo anthu amene atchulidwa pano sanali kugwirizana pa zambiri. Ena ankakonda fayilo imodzi, ena mafayilo zikwizikwi, ena sankafuna mafoda n'komwe. Koma onse anamanga poganizira mphindi imene zinthu zaduka, ndipo onse anasankha kuti ikafika mphindi imeneyo kalata ichuluke, isasowe. Tikamasankha pulogalamu ya imelo timayang'ana maonekedwe ndi liwiro, pakuti n'zimene maso amaona. Muyeso woona wa ntchitoyi ndi mmene mafoda amatsalira batire ikatha kusamutsa kuli pakati, ndipo pa muyeso umenewu amisiriwa anaika chuma cha eni makalata patsogolo pa ukhondo wa mndandanda. Anasankha bwino, ndipo aliyense wolemba pulogalamu yosunga zinthu za anthu ena, kaya ndi ndalama, zithunzi kapena mbiri ya odwala, ali ndi zoti aphunzire kwa iwo.